Mayi Tiyesekaye Sanasaine

Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso ndi pa kalata ya ukwati, koma kuntchito palibe amene amalitchula. Kuyambira mlonda wa pageti mpaka madalaivala onyamula magazi, onse amawadziwa kuti ndi Mayi Tiyesekaye. Dzinali sanachite kulitola panjira, analikhetsera thukuta. Mukawauza kuti chinthu chakonzeka, yankho lake ndi limodzi lokha, tiyese kaye. Kunyumba nakonso sizisintha. Amuna awo ndi owotcherera zitsulo, a luso ndithu, moti mageti ambiri a mumsewu wawo anatuluka m'manja mwawo. Koma tsiku limene anamaliza geti la pakhomo pawo pomwe, mayiwa analikwera ndi mapazi onse awiri n'kumalendewera nalo uku ndi uku, anthu a mumsewu akuonerera. Bambowo mpaka lero amati iwo anakafunsira mkazi koma anapatsidwa insipekitala.

Mayiwa amagwira ntchito kumalo osungira magazi, kumene anthu amakapereka magazi, a ku labu n'kuwayeza, kenako n'kuwasunga m'mafiriji kudikira zipatala. Analowako zaka makumi awiri ndi zinayi zapitazo ngati wotaipa, ntchito yawo ili yokopera makadi a opereka magazi. M'mwezi wachiwiri analakwitsa chilembo chimodzi cha gulu la magazi. Mayi wina wa ku labu, amene anatisiya kalekale, sanawakalipire ayi. Anangowagwira dzanja, kupita nawo ku firiji, kutulutsa thumba la magazi aja n'kuwanyamulitsa, kenako n'kuwafunsa ngati akufuna kudziwa zaka za mwana amene thumbalo limapita kwa iye. Kuyambira pamenepo, munthu akawauza kuti zonse zili bwino amazimva ngati mphekesera.

Makompyuta atabwera, anzawo otaipa anachita nawo mantha, koma iwo ayi. Ankaima kumbuyo kwa amisiri obwera kudzakonza, kufunsa mafunso mpaka amisiriwo kuyamba kubwera nthawi ya nkhomaliro kuti asawapeze. Loweruka ankasiya ana kwa achemwali awo n'kupita kusukulu. Pang'ono ndi pang'ono makiyi a chipinda cha maseva, makompyuta akuluakulu osunga zonse za pamalopo, anafika m'chikwama mwawo. Chipindacho n'chopapatiza, chopanda windo, chozizira moti juzi yawo yobiriwira inkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko chaka chonse. Muli kabati yachitsulo ya maseva awiri, mabatire pansi pake, mpando wothyoka chogwirira chimodzi, ndi shelefu ya fayilo imodzi yonenepa ya chikuto chakuda. M'menemo ndimo munali ufumu wawo, ndipo ankaukonda mosabisa.

Kuti nkhaniyi imveke, tifotokozeko za maseva aja. Kale ntchito iliyonse inkafuna kompyuta yakeyake, ina ya makadi, ina ya zotsatira za ku labu, ina ya maimelo. Kenako kunabwera pulogalamu imene imakhala pansi pa zonse n'kugawa seva imodzi kukhala makompyuta ambiri osaoneka ndi maso, iliyonse n'kumadziona ngati ili payokha. Mayi Tiyesekaye pulogalamu imeneyi amaitcha maziko, ndipo makompyuta a m'katiwo amawatcha zipinda za lendi. Zipindazo zinalipo khumi ndi zinayi, koma chimodzi ndicho chinali mwana wobadwa ndi mano. M'menemo munkakhala pulogalamu yakale yotulutsa magazi, imene imaona ngati thumba layezedwa ndiponso ngati silinathe nthawi, kenako n'kusindikiza sitika. Popanda sitikayo thumba silituluka pakhomo, ngakhale dokotala alire bwanji pafoni. Fayilo yakuda ija inali ya mayeso a pulogalamu imeneyi, mazana atatu ndi khumi, ndipo lamulo la pamalopo limati ikasunthidwa, mayeso onse abwerezedwe, woyang'anira maseva asaine. Maziko aja anali atainyamula zaka khumi ndi ziwiri osaigwetsa.

Ndiye tsiku lina kunamveka kuti kampani yopanga mazikowo yagulidwa ndi kampani ina yaikulu. Poyamba mayi anangoti nyumba ikasintha landilodi makoma sagwa. Koma landilodi watsopanoyu anabwera ndi mwano. Mkulu amene ankawagulitsa laisensi yogwiritsira ntchito mazikowo zaka zonsezi anaimba foni kunena kuti amuchotsa pa mndandanda wa ogulitsa chifukwa bizinesi yake ndi yaing'ono. Mtengo unakwera, ndipo wofuna chinthu chimodzi ankakakamizidwa kugula mtolo wonse. Mayi analemba maimelo anayi ofunsa, onse anayankhidwa ndi makina. Pagulu la pafoni la anzawo oyang'anira maseva munangodzaza nkhani yosamuka, aliyense akudzitama kuti iye anathawa Loweruka limodzi lokha. Musaganize kuti mayiwa ankawakonda eni atsopanowo. Akadzitsekera m'chipinda chozizira chija ankawanena mawu amene sangawabwereze pamaso pa ana awo.

Nthawi yomweyo pamalopo panali patabwera bwana wamkulu watsopano, munthu wophunzira, woyenda ngati akuthamangira basi, amene madalaivala anamupatsa dzina loti Changu sabata yoyamba yomwe. Tisamunamizire, sanali woipa mtima. Anapeza mafiriji awiri atafa n'kuwadzutsa, anapeza galimoto zikugona pagalaja n'kuzibwezera pamsewu. Matenda ake anali amodzi, ankakhulupirira kuti chinthu chikachedwa ndiye kuti penapake pali waulesi. Ataona kalata ya mtengo watsopano anamenya tebulo n'kulengeza kuti iye sadyetsa akuba. Laisensi yakale inali itatsala ndi masabata asanu ndi limodzi. Anabweretsa katswiri wa kampani ina, mkulu wa jekete la buluu wolankhula mofatsa, kuti asamutsire zipinda zonse pa maziko ena nthawiyo isanathe.

Katswiriyo ntchito ankaidziwa. M'masiku atatu anakopera chipinda cha pulogalamu yotulutsa magazi pa seva yobwereka, n'kuitanitsa akuluakulu onse kuti adzaone. Anadina batani, pulogalamu inayaka. Anasindikiza sitika imodzi, inatuluka yoyera bwino. Anthu anaomba m'manja ngati aona mwana akuyamba kuyenda. Mayi atayang'ana patebulo anapeza fayilo yawo yakuda ili pomwepo, yotsegulidwa kale patsamba lomaliza, cholembera chili pamwamba.

"Mayi, mwaona ndi maso anu," anatero Bwana Changu. "Tisainireni apa tipite patsogolo."

"Ndaona mayeso amodzi, bwana. Atsala mazana atatu ndi asanu ndi anayi."

Bwanayo anafunsa kuti enawo angatenge nthawi yaitali bwanji. Mayi anati akawabwereka anthu awiri a ku labu, ntchito ya magazi osaima, ndi miyezi isanu ndi inayi. Maganizo awo anali oti alumire mano, akhale pa maziko akalewo chaka china, ayese atsopanowo mwaulemu, kenako aone chochita. Bwana anaseka n'kuwakumbutsa kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Iwo anamubwezera pomwepo kuti kuthamanga sikufika. Mkulu wa ku labu anayamba kuwerenga sitika ija ngati muli nkhani yaitali.

"Mwezi uno ukamatha," anatero bwanayo akutseka fayilo, "ndikufuna siginecha yanu kapena makiyi anu. Musankhe nokha."

Loweruka m'mawa mayi anaiulula nkhaniyi kwa amuna awo, amene anali pashedi pambali pa nyumba akupala chitsulo cha windo. Bambowo anazimitsa makina, kukweza chophimba kumaso, n'kumvetsera mpaka kumapeto. Kenako analankhula ngati munthu amene wagwirira ntchito mabwana ambiri. Anati kwatsala zaka zitatu zokha kuti mayi apume, ndipo munthu sagwetsa mtsuko atafika pakhomo. Anati iwo kasitomala akafuna geti lopendekeka amamuuza kamodzi, akakakamira amamupangira lopendekeka lomwelo. Mayi anayankha kuti geti lopendekeka sililowa m'mitsempha ya munthu.

"Mayi a ana, eni ake a mazikowo sakukudziwani n'komwe," anatero bambowo. "Ngakhale imelo sakuyankhani. Inu mukufuna kuwafera?"

"Sindikuwafera iwowo. Atapsa ndingaothe moto wake. Koma sindingalembe kuti ndayesa chimene sindinayese."

Anayankha molimba, koma funso lija linawatsatira m'nyumba. Maziko akalewo ankawadziwa ngati khitchini yawo, mumdima momwe akanapeza supuni. Atsopanowo anali asanawagwirepo. Nanga bwanji ngati makani onsewa anali mantha chabe a munthu wokula amene sakufuna kukhalanso mwana wa sukulu? Zimenezi zinawapweteka, chifukwa munthu woyesa chilichonse sangakane kudziyesa yekha. Anafukula laputopu yakale ya mwana wawo wamkazi, kuikamo maziko atsopano aja, n'kumalimbana nawo Lamlungu masana pa tebulo lodyera. Anapeza kuti si oipa. Mwina ndi mwina anawakonda kumene, ndipo zimenezi sanauze munthu. Koma mtima unakhala m'malo, chifukwa anadziwa tsopano kuti chimene akukana si kusamuka ayi.

Kuntchito anapempha katswiri uja chinthu chimodzi chokha, kuti kope ya pulogalamu ija pa seva yobwereka aisiye yoyaka, asaizimitse. Katswiriyo anavomera mosavuta. Ndiye m'mawa uliwonse 8 koloko ikakwana, mayi ankayang'ana nthawi pa kopeyo, kuyang'ana nthawi pa foni yawo, n'kulemba zonse ziwiri pa pepala limene anamata pachitseko. Ankadziwa kuti zipinda za lendi zilibe wotchi yawoyawo, nthawi zimachita kubwereka kwa maziko, ndipo pulogalamu yokalamba siimva msanga chilankhulo cha landilodi wachilendo. A ku labu anapeza poseketsa. Akakumana nawo pakhonde ankawafunsa kuti kunyumba yatsopano kwacha kapena kudakali m'bandakucha. Mayi ankangoti galu wamkota sakandira pachabe, n'kumapita.

Tsiku loyamba nthawi zinafanana. Tsiku lachiwiri kopeyo inatsalira ndi mphindi zitatu, ndipo iwo anaganiza kuti mwina ndi maso. Sabata itatha inali kumbuyo ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu. Pofika kumapeto kwa sabata yachitatu, inali itatsalira ndi ola ndi kanthu. Kwa munthu wotumiza maimelo ola si nkhani. Koma pamalopo amasunganso mapulatileti, timagawo ta magazi tothandiza kuti bala liume, ndipo amenewo amakhala masiku asanu okha, owerengedwa mpaka pa ola. Wotchi yotsalira ikanauza pulogalamu kuti thumba lotha nthawi likadali labwino, pulogalamu n'kusindikiza sitika ndi mtima woyera, ndipo mwezi uliwonse bodzalo likanamakula.

Anamatula pepala lija n'kupita nalo ku ofesi ya bwana. Katswiri anaitanidwa, anawerenga, ndipo sanatsutse. Anati zimachitika ndi mapulogalamu akale, ndi kanthu kakang'ono, ndipo nthawi ya nkhomaliro isanakwane anali atakonza. Anakonzadi, mayi anayang'ana masiku awiri, wotchi inayenda bwino. Bwana Changu anasangalala, akuganiza kuti tsopano munga wachoka. Anatulutsanso fayilo ija. Mayi anaitenga, anatsegula patsamba la mndandanda, n'kulemba ndi cholembera cha bwana yemweyo mzere wina pansi, wa mayeso a wotchi. Anamuuza kuti vuto limeneli mufayilo munalibe, analipeza chifukwa chodikira masabata atatu, choncho mayeso tsopano akwana mazana atatu ndi khumi ndi limodzi. Bwanayo anawapempha kuti atuluke.

Patapita masiku awiri, mlembi wa bwana anawatsina khutu. Lipoti lopita kwa akuluakulu a bodi linali litalembedwa, ndipo linkanena kuti mayeso ayenda bwino, kwangotsala za mapepala. Apa mpamene mayi anachita chimene anali asanachitepo zaka makumi awiri ndi zinayi. Lamulo ankalidziwa, kalata iliyonse yopita ku bodi imadzera pa tebulo la bwana wamkulu. Analemba yawo ya tsamba limodzi, anaphatikiza pepala la wotchi lija, anapempha kutuluka nthawi ya nkhomaliro, n'kukaipereka okha pageti la wapampando wa bodi, dokotala wachizimayi amene anapuma ntchito. Ankadziwa kuti walira mvula walira matope, koma kudziwa sikuchotsa mantha.

Bodi inakumana Lachinayi m'mawa, ndipo mayi anaitanidwa nkhani ili pakati. Analowa atavala suti yawo ya maukwati, fayilo yakuda ili m'khwapa. Bwana Changu anali atalankhula kale za mwano wa eni atsopano, ndipo zonse zimene ananena zinali zoona. Wapampando, mayi wa imvi ndi magalasi pamphuno, anawauza kuti akhale.

"Mayi, tiuzeni mwachidule. Maziko atsopanowa ndi oipa?"

"Ayi, adokotala. Mwina ndi abwino kuposa amene tili nawo. Ine sindikudziwa. Ndipo muno mulibe amene akudziwa."

Anapitiriza pang'ono. Anati eni atsopanowo ndi amwano ndipo tsiku lowasiya lidzafika, koma tsikulo lidzasankhidwe ndi anthu a pamalopo, osati ndi kalata ya mtengo. Anati kuthawa nyumba chifukwa landilodi wakutukwana n'kwabwino, koma osati uli ndi wodwala pamphasa ndipo kumene ukupitako sunaone ngati denga lili bwino. Wapampando anatembenukira kwa katswiri n'kumufunsa ngati iye angasaine tsamba lomaliza lija. Mkulu wa jekete uja anakonza kolala, ndipo pa ichi tiyenera kumulemekeza, anayankha zoona. Anati iye anaitanidwa kudzasamutsa, kusainira magazi si gawo lake. Pamenepo nkhani inatha yokha. Bodi inagamula kuti akhala pa maziko akalewo chaka china, mayeso ayambe mwezi wamawa, zosamuka adzakambirane fayilo ikadzadza. Bwana Changu analemba zonsezi m'kabuku kake osadzutsa mutu.

Mayi anatuluka akuganiza kuti apambana, ndipo anapambanadi. Koma mphuno imodzi silowa zala ziwiri. Lolemba lotsatira anapeza envelopu pansi pa chitseko cha chipinda cha maseva. M'katimo munali makalata awiri. Yoyamba inkanena kuti anaphwanya dongosolo polembera bodi mwachindunji, choncho asamutsidwira ku desiki yolandirira opereka magazi kuyambira sabata yamawa. Yachiwiri inali yopepesa, yolembedwa kale m'dzina lawo, ndipo akaisaina yoyambayo ing'ambidwa. Anaiwerenga ataimirira. Ndime yoyamba inkapepesa chifukwa chodumpha bwana, ndipo imeneyo akanaisaina, chifukwa kumuchititsa manyazi pagulu sikunawasangalatse. Koma ndime yachiwiri inkati iwo anakokomeza zinthu n'kuopseza bodi popanda chifukwa chenicheni. Anapita ku ofesi n'kupempha kuti ndime imeneyo ichotsedwe. Bwana anati kalatayo ndi imodzi, siidulidwa.

Kunyumba kunabuka mkangano umene ana awo, akanakhala kuti akadali pakhomo, akanathawira kwa aneba. Bambo anati zamagazi zatheka, bodi yamva, tsopano chatsala ndi kunyada basi. Anati pepala sililuma, anthu amasaina zopepesa tsiku ndi tsiku mtima uli kwina, ndipo chipinda chimene anachivutikira theka la moyo wawo sangachitaye chifukwa cha mizere itatu. Mayi anati akasaina mizere itatuyo, chaka chamawa wina adzaitulutsa n'kunena kuti ngakhale mwini wake anavomera kuti mayesowo n'ngosafunika. Bambo anati mutu wawo ndi wouma kuposa chitsulo chimene iwo amawotcherera, chifukwa chitsulo chikatentha chimapindika. Mayi anawauza kuti ndiye akagone ndi chitsulocho. Masiku anayi anadutsa akungopatsana moni ndi tiyi.

Lachisanu anabweza kalata ija yosasaina. Makiyi anauzidwa kuti apereke kwa mkulu wa netiweki, bambo wandevu amene anakhala akukoka mawaya pamalopo zaka zisanu ndi zitatu, munthu wofatsa amene tsikulo ankasowa poyang'ana. Mayi sanamupatse msanga. Anamukhazika pa mpando wothyoka uja n'kumuuza kuti ayerekeze kuti chipinda cha pulogalamu ya magazi chafa, achidzutse kuchokera pa kope yosungira, iwo akuonerera manja ali kumbuyo. Ulendo woyamba analephera, thukuta lili kamukamu m'chipinda chozizira. Wachiwiri anakwanitsa. Pamenepo anamupatsa makiyi, pasiwedi ndi fayilo yakuda, n'kumuuza kuti akadzamufulumizitsa adzakumbukire kuti dzina limene lidzakhale patsamba lomaliza ndi lake. Anatuluka mutu uli m'mwamba, kudutsa pakhonde lonse akupereka moni kwa aliyense. Atafika kuchimbudzi cha akazi anakhoma chitseko n'kulira ngati wamasiye, chifukwa chipinda chija ankachikonda ndipo palibe chigamulo cha bodi chimene chikanawabwezera.

Desiki yolandirira anthu ili pafupi ndi khomo lalikulu, pamene mphepo imalowetsa fumbi. Pali mulu wa mafomu, sikelo pansi, ndi zolembera ziwiri zomangidwa ndi ulusi kuti zisayende. Lolemba analawira, amuna awo ali kale pashedi, ndipo sanatsanzikane. Anakhala pa desikipo msana uli chilili. Anthu amene kale ankagogoda pachitseko chawo mwaulemu tsopano ankadutsa mofulumira maso ali pafoni. Mlendo woyamba anawafunsa kumene kuli chimbudzi. Wachiwiri anawatcha asisi n'kuwapempha kuti amuitanire munthu wodziwa. Anamuyankha bwinobwino.

Cha m'ma 10 koloko anamva chifuwa chimene akanachizindikira ngakhale pamsika. Atadzutsa mutu anaona amuna awo ali achitatu pamzere, atavala shati yoyera yosita okha, mzere wa shatiyo uli pambali, zipsera za moto zili mbee m'manja. Tsono bambo amenewa pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi za ukwati anali asanalolepo jakisoni. Ana akamabayidwa katemera iwo ankadikira kunja kwa mpanda. Chitsulo chitawang'amba mwendo anamanga ndi nsanza n'kukana kukasokedwa. Mayi anathandiza awiri a kutsogolowo manja akulakwitsa mizere, kenako bambowo anafika pa desiki n'kukhala.

"Kwagwanji kunyumba?" anafunsa mayi motsitsa mawu.

"Palibe. Ndabwera kudzapereka magazi, mayi. Kapena pamafunika kalata yodzera kwa abwana?"

Mayi sanaseke. Anakoka fomu n'kuyamba kufunsa, funso lililonse, ngakhale amene mayankho ake ankawadziwa kuposa mwini wake. Anafunsa zaka, anafunsa za mankhwala, anafunsa ngati adya m'mawa. Atafunsa ngati ali pabanja, bambowo anati kwambiri. Anawakweza pa sikelo, analemba, anawakhazikanso. Pofika posainira, bambowo anakoka cholembera cha ulusi chija n'kusaina.

"Inu munandiuza kuti ndisaine," anatero mayi.

"Ndinakuuzani, ndipo mawa ndidzakuuzaninso, chifukwa ndinu ovuta. Koma mukanasaina, ine kuno sindikanabwera. Magazi anga ndi ochepa, sindingawasiyire anthu ongosaina."

Mayi anayang'ana fomu ija mpaka zilembo zinayamba kusungunuka m'maso. Kumbuyo mzere unali utakula, ndipo wina anayamba kung'ung'udza kuti desiki ya lero ikuchedwa. Iwo anapukuta m'maso ndi chala, anapempha nesi wodutsa kuti awagwirire desiki pang'ono, n'kuimirira. Anawalowetsa amuna awo m'chipinda choperekera magazi, anawagoneka pa bedi la pakona, n'kuwatembenuzira nkhope kukhoma kuti asaone singano. Anawagwira dzanja lakumanzere ndi manja onse awiri, ndipo sanalisiye mpaka thumba linadzaza.